Mwana wa pa Kartau

Anthu a pa Entre Lagos ali ndi pakamwa, ine ndili ndi makutu, choncho zonse zimene ankanena za mwana wanga Osvaldo ndinkazimva. Ndimagulitsa mandasi ndi nsomba zokazinga pafupi ndi siteshoni, pamalo pamene miseche imatsika m'sitima limodzi ndi katundu. Ankati mnyamata wa ndevu zake akugonabe pakhomo pa amake. Ankati anzake onse anapita kale kuchikamwini, ena ana awo akuyenda, iye akudikirabe kuti ndimuitane kudzadya. Anamupatsanso dzina, lakuti mwana wa pa kartau. Ine ndinkangotembenuza mandasi anga, chifukwa ndikanati ndiziyankha aliyense bwenzi ndikugulitsa makala.

Kartau ankalinenalo ndi khadi la kuchipatala la amuna anga a Augusto. Iwowa amagwira ntchito m'gulu lokonza njanji, kumanga mabawuti ndi kusintha zitsulo padzuwa, kuyambira Osvaldo asanamere mano. Kampani yawo imapereka seguru ya chipatala, imene anzathu a kutsidya kwa malire amati inshuwalansi, ndipo pa kartaupo pali ineyo ndi ana. Lamulo lake ndi lachidule. Mwana amakhalapo mpaka akwanitse zaka makumi awiri ndi zisanu, bola asakwatire ndipo azikhala pakhomo pa makolo ake. Akangokwatira kapena kusamuka, dzina lake limachoka.

Kwa ana a anthu ena lamuloli si kanthu, amadwala malungo kamodzi pachaka n'kuiwala. Kwa Osvaldo ndi moyo weniweniwo. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri anayamba kuonda tikuona, akumwa madzi ngati ng'ombe, mpaka tinapita naye ku Cuamba atanyamulidwa. Kumeneko anatiuza kuti ndi matenda a shuga, aja ofuna jakisoni m'mawa ndi madzulo kwa moyo wonse. Mankhwala ake amabwera mwezi ndi mwezi chifukwa cha kartau lija. Mtengo wake popanda kartau sindiutchula, ndingonena kuti mandasi a Niassa yense sangaukwanitse. Ndipo akabaya ayenera kudya pa nthawi yake, apo ayi shuga amatsika n'kumugwetsa.

Anthu a miseche aja za kartau ankazidziwa, koma za jakisoni ayi, chifukwa Osvaldo ankabayira m'chipinda atatseka chitseko. Ankaganiza kuti akungokonda zofewa. Koma mwana wanga si waulesi, ndipo izi ndikunena osati chifukwa ndinamubereka ndine. Masola ambiri amene akuyaka m'nyumba za kuno anamangirira ndi iyeyo. Ankapitanso ku Insaca kukachita kurusu, ndiye kuti maphunziro a zamagetsi, kuti pomafika zaka za lamulozo akhale atapeza ntchito yokhala ndi seguru yakeyake. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, zitatsala ziwiri. Zonse zinali m'malo mwake mpaka pamene anakumana ndi Yunike.

Yunike ndi wa kumidzi ya cha ku Chiuta, kwa alimi a mpunga. Ankabwera kudzagulitsa mpunga pa siteshoni, ndipo ndinamukonda msanga chifukwa sankaseka zilizonse ngati atsikana ena akaona mayi wa mnyamata. Osvaldo anamuuza za matendawo pachiyambi pomwe. Mtsikanayo anangofunsa kuti akagwa munthu amatani, atauzidwa n'kusunga mumtima. Vuto linali pa mwambo. Kwathu kuno mwamuna ndi amene amapita kwa mkazi, kukamanga kumeneko ndi kulima kumeneko. Ndiye kukwatira Yunike kunali kuchoka pakhomo, ndipo kuchoka pakhomo kunali kuchoka pa kartau.

Nkhani za ukwati wa mwana wa mlongo mwini wake ndi malume, choncho nkhoswe anali achimwene anga a Kondwelani. Tinakulira limodzi kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, ndipo kuyambira kumeneko achimwenewa amakhulupirira kuti palibe khomo limene lilime lawo silingatsekule. Amagulitsa zitenje mbali zonse ziwiri za malire, ndipo akhoza kukugulitsani chitenje chanu chomwe mwavala. Atamva za Yunike anati nkhani ya matenda isatuluke, wogulitsa mbuzi sayamba ndi kuonetsa chilonda. Ine ndinatsutsa, ndinati mwana wanga si mbuzi. Anandiyankha kuti ine ndizisamala za mafuta ophikira, za maukwati ndisiyire amuna. Ndinapsa mtima, koma mwambo unali kumbali yawo.

Achimwene anabweretsanso nzeru ina, yakuti mnyamata akwatire mwakachetechete pa chinkhoswe chokha, kampani isauzidwe. A Augusto ndi munthu wosalankhula, mawu awo a sabata yathunthu mukhoza kuwakwanitsa m'chikho chimodzi. Tsiku limenelo anangoti iwo sanabepo ngakhale bawuti imodzi ya kampani, sangayambe ndi kuba mankhwala. Anawonjeza kuti pa Entre Lagos nkhuku ikaikira dzira m'mawa, masana abwana amakhala atamva. Nzeru imeneyo inafera pomwepo.

Ndiye achimwene anayamba kuyenda ulendo wa ku Chiuta atanyamula zifukwa. Ulendo woyamba anati mnyamata akumaliza maphunziro. Wachiwiri anati akusonkhanitsa malata. Wachitatu sindikudziwa chimene ananena, mwina iwonso anaiwala. Nkhoswe ya kwa Yunike anali amalume ake a Feliciano, munthu wamtali wosakonda kuzungulira, ndipo anatopa nazo. Anatumiza mawu akuti kuli mwamuna wina wa sitolo ku Insaca amene wafunsira kale kawiri. Ngati mnyamata wathu ali ndi mtima weniweni abwere adzagwire khasu m'munda wa mpunga ngati wofunsira aliyense, amuone, ndipo akakolola adzamange.

Osvaldo anavomera kukalima. Madzulo ake achimwene anamukhazika pansi n'kumuphunzitsa makhalidwe a kwa apongozi, ngati mwanayo anakulira m'tchire. Anati ulime mpaka eni munda atope ndi iwo, usayambe kupuma ndiwe. Akakupatsa chakudya ungolawa, unene kuti wadya kale, usadye ngati wothawa njala. Mawu amenewa mkamwini aliyense amauzidwa, ndipo kwa wina aliyense ndi mawu abwino. Ine ndinalowerera, ndinati uyu adye, za manyazi asiye. Achimwene anati tsiku limodzi silipha munthu. Ndinangomuikira maswiti m'thumba la malaya, n'kumuuza kuti akamva thupi kusintha asadikire.

Zimene zinachitika kumundako anandifotokozera Yunike pambuyo pake. Osvaldo anabaya jakisoni wake m'mawa kuno kunyumba, anamwa tiyi mothamanga, n'kukwera njinga. Atafika ana a pamudzipo anamuunjirira, ndipo iye pofuna kuoneka mlamu wabwino anawagawira maswiti onse. Analima m'matope limodzi ndi a Feliciano ndi anyamata awo, osaweramuka. Dzuwa litakwera amake a Yunike anatumiza mbatata ndi thobwa. Mwana wanga anatenga kachidutswa kakang'ono, anapsontha thobwa kamodzi, nati zikomo ndadya kale kunyumba. Anamukakamiza kawiri monga mwa ulemu, iye n'kukana kawiri monga mwa ulemu, ndipo onse anakhutira kuti mnyamatayu analeredwa bwino.

Chakumasana khasu linayamba kumuphonya. Anatuluka thukuta lozizira, miyendo ikugwedezeka, ndipo a Feliciano atamufunsa kuti zili bwanji anayankha zosamveka, lilime litalemera. Kenaka akuti anaseka, n'kukhala pansi m'madzi momwemo. Munthu amene sanaonepo shuga atatsika angaganize chiyani? A Feliciano anati mnyamatayu wabwera atamwa kachasu, ndiye chifukwa chake anakana chakudya. Analamula kuti amukokere pansi pa mtengo, amusiye pomwepo mowa umuthere, aliyense asamupatse kanthu. Anamusiyadi n'kubwerera kukalima.

Yunike anali kuchitsime. Atamva ana akuseka kuti alamu aledzera, anataya ndowa, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi shuga m'manja akuthamanga. Amalume ake anamukalipira kuti abwerere, iye osatembenuka n'komwe. Anamupeza Osvaldo maso ali gwa, akupuma movutika. Anamupaka shugayo m'kati mwa tsaya ndi chala, pang'onopang'ono, mpaka anayamba kumeza yekha, kenaka anamumwetsa thobwa lija analikana. Atatsitsimuka ndi pamene Yunike anandiimbira foni.

Ndinasiya chiwaya pamoto, ndinakwera njinga yamoto ya hayala, ndipo njira yonse ndinkatukwana achimwene mumtima ndi mawu amene sindingawalembe. Ndinamupeza mwana wanga atatsamira mtengo, matope thupi lonse, shuga atauma pachibwano. Anandiyang'ana ngati mwana waswa mbale. Ndinafuna kumumenya ndiponso kumubereka kumbuyo nthawi imodzi. Ndinangomuuza kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna, dzuka tizipita. A Feliciano anaima patali manja ali kumbuyo. Anati iwo salankhula ndi mayi wa mnyamata, nkhoswe yathu ibwere Lamulungu idzafotokoze.

Masiku otsatirawo Osvaldo ankangodzuka, kubaya, kudya, kupita kuntchito, kubwera. Ndinamumva kamodzi akufunsa mnzake mtengo wa mankhwala aja pogula wekha, ndipo mtima wanga unagwa. Ndinadziwa kuti akuganiza zosiya kartau n'kupita kwa Yunike akakolola, monga a Feliciano ankafunira. Ndinamuuza poyera kuti ndikuopa, kuti sindinamulere kuti ndikamuike m'manda ndi zovala za ukwati. Anandiyankha kuti wamva. Sananene kuti achita chiyani, ndipo bambo ake anandiletsa kumufunsanso. Anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi tinapita tonse. Pa zokambirana zoterezi makolo salankhula, amangokhala kumbuyo, ndipo mnyamata amayang'ana pansi. Ine ndinakhala pa mphasa ndi amayi a pamudzipo, Yunike ali pakati pawo pafupi ndi amake. Amuna anakhala pa mipando pabwalo. Achimwene anayamba ndi malonje aatali, kenaka anati mwana wathu tsiku lija anagwidwa ndi malungo, malungo a chaka chino ndi oipa, ngakhale ku Malawi anthu akudandaula. Ndinatseka maso ndi manyazi.

A Feliciano anawasiya amalize. Kenaka anati iwo akula akuona malungo, ndipo sanaonepo malungo ochira ndi shuga wa m'manja. Anati kaya ndi mowa kaya ndi china, chimene akuona ndi chakuti tikuwabisira kanthu, ndipo kwa miyezi yonseyi takhala tikuwadyetsa zifukwa ngati ana. Achimwene anatsegula pakamwa kuti ayambe bodza lina. Pamenepo Osvaldo anaomba m'manja mwaulemu, n'kupempha kuti alankhule yekha.

Anthu anayang'anana, chifukwa sizichitika. A Feliciano anagwedeza mutu kuti lankhula. Mwana wanga anatulutsa kachikwama m'thumba, anakatsegula, n'kuika pa mpando jakisoni ndi kabotolo ka mankhwala, poyera, pamaso pa mudzi wonse.

"Amalume, ine sindimwa mowa," anatero. "Ndimadwala shuga. Ndimabaya uyu m'mawa ndi madzulo, ndipo ndikabaya ndiyenera kudya. Tsiku lija ndinakana chakudya chanu pofuna kuti mundione waulemu, ndiye ndinatsala pang'ono kufera m'munda mwanu. Kulakwa n'kwanga. Yunike amadziwa kuyambira kale, inu ndi amene tinakubisirani, ndipo mutikhululukire."

Anafotokoza za kartau mwachidule, kuti mankhwalawo amachokera kuntchito kwa bambo ake, ndipo akakwatira kapena kusamuka amatha. Anati kwatsala zaka ziwiri, ndipo m'zaka zimenezo akumaliza kurusu kuti apeze ntchito ya seguru yake. Achimwene anali kuyang'ana nsapato zawo ngati aziona koyamba.

A Feliciano si munthu woipa, koma anali atapwetekeka, ndipo mwina analinso ndi mantha poganiza kuti analamula kuti munthu wodwala asiyidwe pansi pa mtengo. Mantha a amuna akuluakulu amatuluka ngati ukali. Anati zamveka, koma iwo sangasunge mwana wamkazi zaka zina ziwiri chifukwa cha kapepala. Anati mwamuna ndi amene amaima payekha, osati wa ndevu zake n'kumadyabe thukuta la bambo ake. Ngati akumufuna Yunike abwere akakolola ngati amuna anzake, za mankhwala Mulungu adzaona. Ngati sangathe anene lero, anthu adziwe pomwe aima.

Ndinali nditayamba kale kudzuka, mwambo kaya ukhalepo kaya usakhalepo, pamene ndinamva kutsokomola kumene ndimakudziwa. Anali a Augusto. Sanadzuke, sanakweze mawu, anangotambasula manja awo pa mawondo, manja aja olimba ngati chikumba.

"Pepani akuluakulu, ndalowa pamene sipanga," anatero. "Inu muli ndi munda wa mpunga, ndipo ana anu amadya za m'mundamo, palibe amene amawaseka. Ine mashamba anga, munda wanga, ndi njanji. Ndalima pamenepo kuyambira mwanayu ali kumbuyo kwa amake, ndipo zokolola zake ndi kartau limeneli. Sitinapemphe kwa munthu. Mwana wanga akudya za m'munda mwa bambo ake."

Ndakhala ndi bamboyu zaka zonsezi, sindinamumvepo akulankhula mawu ambiri chotere pakamwa kamodzi. Ndinakhalanso pansi, ndipo kunena zoona ndinamva kukoma mpaka kumapazi. A Feliciano anati awamva bambo, koma funso lawo lili kwa mnyamata, ndipo likudikirabe yankho.

Osvaldo anatembenuka kuyang'ana kumene kunali Yunike, zimenenso sizichitika pamaso pa akuluakulu. Mtsikanayo anali atawerama, akukanda mphasa ndi chikhadabo. Ndinkadziwa mmene mwana wanga amamukondera, ndinkadziwanso kuti mawu amodzi okha akuti ndibwera akanamupatsa mkazi ndi ulemu wa mudzi wonse tsiku lomwelo.

"Sindibwera chaka chino, amalume," anatero. "Ndikhala pakhomo pa bambo anga mpaka nthawi itakwana, ndipo manyazi ndilibe nazo. Ndikabwera pano popanda mankhwala, mudzandilandira ndi nthungululu kenaka mudzandiperekeza ndi nyimbo za maliro, Yunike n'kutsala wamasiye ali mwana. Ine zimenezo sindingamuchite. Ngati simungadikire, ndamva, ndipo sindidzakusungirani chakukhosi."

A Feliciano anati basi nkhani yatha, ubwenzi umenewu wafera pano, aliyense ayende njira yake. Anthu anayamba kudzuka. Osvaldo analongedza jakisoni wake mosafulumira, anapita kukagwada pamaso pa amake a Yunike, n'kuwathokoza chifukwa cha mbatata zimene sanadye. Mayiyo anangomuyang'ana nthawi yaitali. Yunike anali atalowa kale m'nyumba.

Pobwerera achimwene anayamba kunena kuti mnyamata akanawasiyira iwo bwenzi atakonza. Ndinawauza kuti achimwene, mwakonza zokwanira, tsopano pumulani. Anakhala chete mpaka pa Entre Lagos, chinthu chimene sichinachitikepo chibadwire chawo. Titafika Osvaldo analowa m'chipinda chake, ndipo ndinamumva akulira. Sindinalowe. Ndinakhala pakhonde mtima ukundiwawa, koma ndikunena pano kuti sindinanyadirepo mwana ngati mmene ndinamunyadira tsiku limenelo.

Nkhani inafika pa siteshoni ife tisanafike, monga mwa masiku onse. Tsopano ankati mtsikana wamukana chifukwa ndi wodwala. Ndinkaganiza kuti abisala, koma m'mawa mwake anabwera pa benchi langa, anakhala pansi, anakwinya malaya, n'kubaya jakisoni anthu onse akuona. Kenaka anatulutsa chakudya chake n'kudya bwinobwino. Wina wa njinga za hayala atamuitana ndi dzina lija la mwana wa pa kartau, anayankha kuti ndine ndemwe, mukufuna ndikumangireni sola? Dzinalo silinathe, koma linasiya kuluma. Amayi awiri anabwera kwa ine mwamseri kudzafunsa zizindikiro za shuga, wina chifukwa cha mwamuna wake, wina chifukwa cha iye mwini.

Za ku Chiuta tinangomva kuti wa sitolo uja wapitanso kukafunsira. Osvaldo sanafunse zambiri. Anaonda pang'ono, koma kurusu sanajombe, ndipo mwezi utatha anapita ku Cuamba kukatenga mankhwala ake monga kale. Ine ndinayamba kuzolowera kuti nkhani ija inathadi, ndipo ndinkadziuza kuti atsikana ndi ambiri, ngakhale mumtima ndinkadziwa kuti wothamanga ndi shuga m'manja amalume akukalipa sapezeka pamsika.

Mpunga utayamba kucha, tsiku lina masana ndikukolopa pakhonde, ndinamva odi. Anali Yunike, atavala chitenje chake cha kutchalitchi, wopanda thumba la mpunga pamutu. Ndinamupatsa mphasa, tinalonjerana, ndipo ndinamufunsa ngati kwawo akudziwa kuti ali kuno. Ndinalibe mtima wofuna mlandu wina ndi a Feliciano.

"Andituma ndi amayi," anatero. "Amalume ananena zawo, ndipo wa sitolo uja ndamukana pamaso pawo. Amayi awauza kuti mlongo wanga, ukwati umamanga ndiwe, koma mwanayu ndinamva kuwawa ndine. Akuti mnyamata amene ananena zoona zomutayitsa mkazi, ameneyo ndi wodikirika."

Ndinamufunsa ngati akudziwa kutalika kwa zaka ziwiri mtsikana akakhala pakamwa pa anthu. Ndinamuuza kuti adzamuseka kuchitsime, adzamuwerengera anzake okwatiwa, ndipo amalume ake mwina sadzamulankhula mpaka mpunga wina. Ndinamuuzanso kuti matendawa satha, ngakhale ntchito itapezeka jakisoni adzakhalapo mpaka imvi. Sindinamunyengerere, chifukwa zonyengerera zinali zitatipweteka kale. Anati zonsezo waziganizira, ndipo sanabwere kudzafunsa ngati adikire. Anamasula kansalu kamene anafumbata, n'kutulutsa ndimu ziwiri.

"Osvaldo anandiuza kuti inu anakuphunzitsirani pa ndimu kuchipatala," anatero. "Mundiphunzitse kubaya, amayi. Tsiku lina akadzadwala osatha kudzibaya yekha, ndisadzakhale ndikuthamangira kuno."

Ndinalowa m'nyumba ngati ndikukatenga jakisoni wakale wophunzirira, koma kwenikweni ndinkafuna kupukuta m'maso iye asanaone. Tinakhala pakhondepo masana onse. Ndinamuonetsa kusamba m'manja, kukoka mankhwala mpaka pa mzere wake, kutulutsa mpweya, kutsina khungu. Pa ndimupo tinkabaya madzi. Ndimu yoyamba anaibaya mpaka inayamba kudontha, yachiwirinso chimodzimodzi, ndipo nthawi iliyonse ankandifunsa ngati walondola. Ndinamudzudzula kangapo, dala, kuti ndione ngati amakwiya msanga. Sanakwiye.

Dzuwa litapendeka Osvaldo anatulukira akukankha njinga, waya atakulunga paphewa. Atamuona anaima pachipata ngati wasochera nyumba. Palibe amene anamufotokozera kanthu, ndimu zobooka zija zinali pa mphasa ndipo iye si wopusa. Ndinamuuza kuti nthawi ya jakisoni yakwana, chakudya chapsa, asatiimire pamenepo ngati mlendo. Anatsamiritsa njinga, anasamba m'manja, anabweretsa kachikwama kake, n'kukhala pansi pafupi ndi mtsikanayo. Anayang'ana ine, kenaka anakwinya mkono wa malaya n'kumupatsa Yunike jakisoni kuti amubaye.

Ine tsiku langa loyamba kumubaya, ndili mayi ake omubereka, dzanja linanjenjemera mpaka jakisoni anagwa pansi. La Yunike silinanjenjemere.